Linkin Park pa Wembley ndi woyimba watsopano Emily Armstrong

Gulu la nyimbo za rock la ku America la Linkin Park linakhala zaka 7 osayenda maulendo oyimba kuchokera pamene woyimba wake wamkulu, Chester Bennington, anamwalira mu July 2017. Mu September 2024 linabwerera ndi Emily Armstrong wa gulu la Dead Sara, pamodzi ndi woyimba ng'oma watsopano Colin Brittain, ndipo ulendo wawo wotchedwa From Zero unafika pa bwalo la Wembley ku London pa 28 June 2025.

Chimene ndinayamikira kwambiri usiku umenewo n'chakuti Armstrong sanayesere kutengera mawu a malemu Bennington. Mawu a Armstrong ndi okhakhala ndiponso amphamvu, ndipo pa nyimbo zatsopano, zimene anazijambula pamodzi ndi gululo, amamveka womasuka kotheratu. Pa nyimbo zakale ntchito yake ndi yolemera, chifukwa anthu anazolowera kuzimva ndi liwu la munthu amene ankamukonda, moti nthawi zina ankalozetsa maikolofoni kwa khamulo kuti liyimbe lokha. Ena angaone ngati kumeneko n'kuzemba, koma kwa ine kunali kupereka ulemu woyenera.

Mike Shinoda, woyimba amene ndi mmodzi mwa oyambitsa gululi, ndiye akuligwirizira, ndipo kulandizana mawu kwake ndi Armstrong kunayenda bwino. Pa ulendowu woyimba gitala wa gululi, Brad Delson, sankayenda nawo, ndipo amene ankayimba gitala anali Alex Feder, ngakhale kuti kusiyana kwake sikunkamveka kwenikweni m'bwalo lalikulu chotero.