Laibulale ya pa Chanco: ine nyenyezi zanga zapita ku Malawiana

Mwezi watha ndinabwereranso ku Chirunga, kampasi ya Chanco (Chancellor College) ku Zomba, patapita zaka ndithu, ndimasaka zolemba zakale za thangata ndi minda ya tiyi ku Thyolo, zinthu zoti pa Google mungosakasaka mpaka bando kutha osapeza kanthu. Ndiye ndinalowa mu laibulale ija tinkagonamo nthawi ya mayeso.

Anthu ambiri sadziwa kuti Chanco sinayambire ku Zomba. Mu 1965 inali ku Chichiri ku Blantyre ndi ophunzira 90 okha basi, kalasi imodzi ya masiku ano imeneyo, kenako mu 1973 ndi pomwe anasamutsira zonse ku Zomba, mabuku ndi mashelefu omwe. Pano ophunzira ndi masauzande, ndipo chiyambire 2021 pomwe Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi KCN (Kamuzu College of Nursing) nkukhala KUHeS, dzina loti University of Malawi linatsalira pompano. Koma ife timangoti Chanco, sitisintha.

Zasintha zambiri, ana a pano amabwera ndi malaputopu, majenolo ambiri akuwerengera pa intaneti, ife kale unkayenda shelefu ndi shelefu kapepala kali mmanja. Koma amwene chomwe chandigwira mtima ndi Malawiana. Mbali imeneyi amasungako zolembedwa za Malawi, malipoti a boma, madizeteshoni a anthu oti pano ndi madokotala ndi mapulofesa, nyuzi zakale zofiira ngati fodya wa ku Kasungu. Ndinakhala maola anayi ndi Nyasaland Journal, ija inayamba 1948 kenako nkukhala Society of Malawi Journal, njala osayimva. Mayi amene anandithandiza atangomva mutu wa zomwe ndimasaka ananyamuka nkubwera ndi zinthu zitatu zoti ine sindinazitchule nkomwe, anthu amenewa mashelefu awo amawadziwa ngati munda wawo.

Ndili mkati mowerenga ndinakumbuka moto uja unapsereza laibulale ya Mzuni mu Disembala 2015, mabuku masauzande kupsa usiku umodzi, thupi linachita tsemwe. Buku la chemistry mugula lina, nanga dizeteshoni yotayipa pa taipi ya 1978 yoti kope ndi imodzi yokha? Ndalama zikapezeka ine ndingati ayambe kusikana zimenezi kaye.

Mukafuna kupita pitani mmawa, nyengo ya mayeso mipando imatha msanga, ndipo tengani juzi, Zomba mu June si masewera.