Kabedi kopinda ka mwana kokhala ndi neti ndi chophimba chakuda: mmene kanatithandizira ku Senga Bay

Kabedi kameneka anatigulira ndi mchemwali wanga amene amakhala ku Johannesburg, ndipo kanabwera pa basi kali m'chikwama chake pamodzi ndi matiresi, neti yotseka ndi zipi, komanso chinsalu chakuda chimene chimavindikira kabedi konse ngati tenti kuti mwana agone mumdima ngakhale nyale za m'chipinda zikuyaka. Ndikulemba ndemangayi titakagwiritsa ntchito masiku 4 pa hotela ina ku Senga Bay, m'boma la Salima, kumene tinapita pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Tinali atatu m'chipinda chimodzi, ine, bambo a kunyumba, ndi mwana wathu wamkazi wa chaka chimodzi ndi miyezi 8, wolemera makilogalamu 11. Ndikukapatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodzi ndachotsayo ndi ya chinsalu chakudacho, chimene mwachionekere anachisoka asakuganizira za kutentha kwa kunyanja kwathu kuno.

Ndikudziwa kuti ambiri afunsa chimene chinatiletsa kungogona naye mwanayo pakati pathu, monga mmene ifeyo tinakulira. Tinayesapo pa Khirisimasi yapitayo ku Mangochi, ndipo tinabwerako titatopa kuposa mmene tinapitira. Mwanayu akagona amazungulira bedi lonse, mutu kumiyendo, miyendo pankhope ya bambo ake, ndipo pogubuduzikapo amasolola neti pansi pa matiresi, moti kunkacha mkono wake uli zidzolo zokhazokha za udzudzu. Kunyanja malungo si nkhambakamwa. Chinanso n'chakuti ulendo uno tinali titangomuletsa kuyamwa, ndipo mayi aliyense amene anadutsamo akudziwa kuti mwana wotero akagona pafupi nawe, pakati pa usiku amayamba kufunafuna bere, ukamukaniza kulira kwake kumadzutsa ndi a m'chipinda choyandikana nacho omwe.

Kukatambasula n'kosavuta munthu akangodziwa njira yake, koma tsiku loyamba, tikukayesa kunyumba ku Lilongwe, tinalimbana nako mphindi zoposa 20 mpaka bambo a kunyumba anagamula kuti katithyokera panjira. Chinsinsi chake n'chakuti zitsulo zinayi za m'mbali zimayenera kukokedwa m'mwamba mpaka chilichonse chitalira kuti khe, pakati pa kabedi pakadali potukuka, kenako n'kutsindira pakatipo pansi. Mukayamba ndi kutsindira pansi, m'mbalimo simulimba ngakhale mukoke bwanji. Popinda mumachita mosemphanitsa, kuyamba kukoka kachingwe ka pakati kenako n'kumasula m'mbali. Tsopano ndimakatambasula ndekha mwana ali kumsana. Kakapindidwa kamatenga malo ngati thumba la makala laling'ono, ndipo m'buti ya galimoto yathu kanalowa titachotsamo chikwama chimodzi n'kuchiika pampando wakumbuyo. Chikalata chimene chasokeredwa m'mbali mwake chikunena kuti mwana asapitirire makilogalamu 15, choncho titha chaka china tikukagwiritsabe ntchito, pokhapokha ataphunzira msanga kukwera n'kudumphira kunja.

Matiresi ake ndi opyapyala komanso olimba, ndipo nditawagwira koyamba ndinamva chisoni, mpaka ndinafuna kuyalapo bulangeti lopinda kawiri. Malangizo amaletsa kuwonjezera matiresi ena kapena mapilo, chifukwa m'mbali mwa kabedi ndi mwa nsalu yofewa, ndipo chinthu chokhuthala chimasiya mpata umene mwana angatsakamiremo nkhope. Tinangoyalapo shiti imene amagonera kunyumba, yosachapa dala kuti fungo lake alizindikire, ndipo mwiniwakeyo sanadandaule. Chimene ndikuona kuti chinatipulumutsa kwambiri n'chakuti kutatsala sabata imodzi kuti tinyamuke, tinayamba kumugoneka m'kabedimo masana aliwonse. Pofika ku Salima anali atakazolowera, ndipo atangokaona katatambasulidwa anaponyamo kachidole kake n'kunena kuti, "Kanga!"

Tsopano nkhani ya chinsalu chakuda, imene ndiyo yandichititsa kulemba. Vuto la kugona chipinda chimodzi ndi mwana wa msinkhu umenewu si phokoso kwenikweni ayi, koma maso. Akatsegula maso n'kukuonani mukuyendayenda, kapena kuona kuwala kwa foni pankhope panu, kwa iye ndiye kuti kukadali masana ndipo masewera sanathe. Amaimirira, kugwira m'mbali mwa kabedi, n'kuyamba kuitana "amama" mosalekeza. Chinsalucho anachipangira zimenezi, ndipo mdima wake ndi weniweni, moti nditalowetsamo mutu sindinathe kuona dzanja langa. Usiku woyamba tinamusambitsa, kumudyetsa phala, kumuimbira nyimbo yake ya masiku onse, n'kumugoneka cha m'ma 7 koloko, chinsalu chonse titachitseka monga mmene chithunzi cha pachikwama chikuonetsera. Analira pang'ono kenako anangoti zii, ndipo ife tinayang'anana mokondwa. Patapita mphindi ngati 20 mtima sunandikhale, ndinatsegula zipi n'kupisamo dzanja. Mpweya umene unatulukamo unali ngati wa mu uvuni wa sikono. Tsitsi la mwana linali litanyoweratu, thukuta litadikha m'khosi, ndipo pashiti panali chizindikiro chonyowa cha mutu wake wonse. Ndinachivundukula nthawi yomweyo n'kumupukuta ndi kansalu konyowa.

Okutobala ndi mwezi wotentha kwambiri m'mphepete mwa nyanja, ndipo chipinda chathu chinali ndi fani ya kudenga yokha. Chinsalucho chili ndi timawindo tiwiri ta mpweya ndi kathumba koikamo fani yaing'ono ya batire, koma faniyo sabwera nayo, amagulitsa payokha, ndipo zimenezi anazilemba m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto kwa malangizo. Usiku womwewo magetsi anazima kwa maola angapo, fani ya kudenga n'kuima, ndipo ndinadzifunsa kuti zikanatha bwanji ndikanagona tulo chinsalucho chili chotseka. Kwa aliyense amene akupita ku Salima, Mangochi, Nkhotakota, Karonga kapena kuchigwa cha Shire m'miyezi yotentha, ndikuti musatseke chinsalu chonse, ngakhale mwana atakhala kuti wavala thewera lokha.

Tsiku lachiwiri tinapeza njira imene inagwira ntchito mpaka tsiku lobwerera. Tinakankhira kabedi pakona, kutali ndi khomo la kubafa, n'kusiya mpata wa dzanja limodzi pakati pa kabedi ndi khoma. Neti tinaitseka yonse, koma chinsalu chakuda tinachipinda kuti chitchinge mbali imodzi yokha, imene inayang'ana kubedi lathu ndi kuwindo, n'kuchipana ndi mapegisi oyanikira zovala. Mbali zinazo ndi pamwamba tinasiya poyera kuti mpweya wa fani uzifika. Mwana sankationa, ife tinkamumva kupuma, ndipo tikafuna kucheza tinkatuluka n'kukhala pakhonde, chitseko chili chotsegula pang'ono, tikuonerera nyale za asodzi a usipa zitandandalika panyanja. Ndinali nditaika m'foni phokoso la mvula limene ena amati limagonetsa ana, koma silinafunike, pakuti mafunde ankagwira ntchito imeneyo kwaulere. Kunena chilungamo, chitenje chakuda chokhuthala chikanatha kuchita zomwezo, ndipo amene bajeti yawo ndi yothina angagule kabedi ndi neti zokha.

Pamene chinsalucho chinaonetsa phindu lake ndi m'mamawa. Senga Bay inayang'ana kum'mawa, ndipo mu Okutobala dzuwa limatuluka panyanja nthawi itangopitirira pang'ono 5 koloko, n'kulowa m'chipinda kupyola makatani oyera amene eni malo ambiri amakonda. Tsiku loyamba, chinsalu titachichotseratu, mwana anadzuka ndi dzuwalo ndipo pofika 9 koloko anali atayamba kale kunyanyala ndi kudzigwetsa pamchenga. Masiku otsatirawo, mbali ya kuwindo ili yotchinga, ankafika 6 koloko ndi theka ali m'tulo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo pa tchuthi tulo ta masanato ndi timene timayamba kusokonekera chifukwa aliyense amafuna kukhala kumadzi. Ife tinkabwerera kuchipinda tikangodya nkhomaliro, nthawi imene dzuwa limakhala litaswa mtengo ndipo mchenga sutheka kupondapo, n'kumugoneka kwa ola limodzi ndi theka. Tsiku limene tinachedwa pa lesitilanti podikira chambo chowotcha, anagonera kumsana m'chitenje, ndipo madzulo ake anavuta kwa ola lathunthu asanagone.

Neti yake ndi yabwino, mabowo ake ndi aang'ono, ndipo imazungulira mpaka pansi popanda mpata, moti masiku onsewo mwana sanalumidwe ndi udzudzu usiku. Dziwani chabe kuti si yonyikidwa m'mankhwala ngati maneti amene amagawa kusikelo, choncho muziyang'anitsitsa ndi tochi musanatseke, kuopa kutsekera udzudzu m'kati momwemo. Zipi yake ndiyo inandikwiyitsa, chifukwa imalira mokweza ndipo imakonda kuluma nsalu pokhota pakona. Kawiri konse ndinamudzutsa mwana amene ndinali nditavutika kumugoneka, chifukwa cha zipi yomweyo. Mayi wina wokonza m'zipinda atandipeza ndikulimbana nayo anandiuza kuti, "Amayi, pakanipo kandulo m'manomo." Ndinakhutiza kandulo m'mano a zipiyo ndipo inayamba kuyenda mofewa, ngakhale kuti kulirako sikunatheretu.

Tikuganiza zobwereranso kunyanja mu Juni, mwera ukamawomba ndipo usiku kukamazizira, ndipo pa nthawi imeneyo ndidzayesa kutseka chinsalu chonse nditagula kafani ka batire kaja. Pakali pano kabediko takatambasula pabalaza, ndipo ndi mmene mwana wa mlamu wanga amagona akabwera kudzacheza Loweruka.