Makina ogogoda chidendene ndi ma insole a R2,800: mmene ndaonera patatha miyezi isanu

Kiliniki ya mapazi yomwe ndinapitako chifukwa cha ululu wa chidendene ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha ma insole, timasoli toika m'kati mwa nsapato; dokotala wake ndilibe naye mlandu.

Ndimagwira ntchito ku City Deep mu Johannesburg, kufupi ndi msika waukulu wa zipatso ndi zamasamba uja. Kuyambira 4 koloko m'mawa ndimakhala chiimire pasimenti, kunyamula matumba a mbatatesi ndi anyezi, jombo zachitsulo zili kuphazi. Chaka chatha chidendene chakumanja chinayamba kundivuta. Ndikatsika pabedi m'mawa, kuponda koyamba kunkakhala ngati ndaponda msomali. Ndikayendayenda ululu unkazilala, koma ndikangokhala mu takisi mpaka ku Rosettenville, potsika ndinkatsimphina ngati agogo. Mayi akunyumba anandithowa ndi madzi otentha mpaka anatopa, Brufen ndinamwa mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Ena amati nyamakazi. Bambo wina wakutchalitchi anachita kundikokera pambali: "Achimwene, izi mwaponda izi, tumizani uthenga kumudzi." Mphini sindinateme, koma ndisaname, ndinaziganizirako.

Amene anandilozera njira ndi mwana wa abwana, amene amathamanga Comrades, mpikisano wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Anati ndipite kwa podiatrist, katswiri woona za mapazi ndi akakolo basi. Ndinapita ku kiliniki ina yolipira chakumpoto kwa tauni.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mayi dokotalayo sanathamangire makina. Anandivula sokosi, anakankhira chala changa chachikulu m'mwamba, n'kudinikiza ndi chala chake chamanthu pansi pa chidendene chakum'kati. Ndinatsala pang'ono kudumpha pampando. Anangogwedeza mutu n'kuti matendawa ndi plantar fasciitis. Pansi pa phazi pali chingwe cholimba chochokera pafupa la chidendene kukafika kuzala, ndipo chikalemedwa tsiku ndi tsiku chimanyenyeka pomwe chagwirira fupa. Usiku chimakhwinyata, ndiye m'mawa ukaponda chimakokeka mwadzidzidzi. Kenaka anandionetsa pa sikani ya ultrasound: chingwecho chikadutsa mamilimita 4 kuchindikala amati chatupa, changa chinali pa 6. Ndinamufunsa za kafupa kosongoka kamene kanaoneka pa X-ray yomwe ndinajambulitsa kale, poti ine ndinkati ndiko kakundibaya. Anati anthu ambiri ali nako kafupako koma samva kanthu, ndipo palibe chifukwa chokadulira.

Anandipatsa njira ziwiri. Jakisoni wa cortisone amaziziritsa ululu msanga, koma umatha kubwerera, ndipo ukamabayitsa kawirikawiri chingwe chija chimafooka, nthawi zina n'kuduka. Ine ndi matumba angawa ndinaopa. Ndinasankha yachiwiri, makina ogogoda otchedwa shockwave.

Dzinali lisakuopseni, palibe magetsi okugwira. Ndi mafunde amphamvu olowa m'mnofu, nzeru yomwe inayambira kophwanya miyala ya mu impso ku Munich, Germany, mu 1980, kenaka madokotala n'kuyamba kuigwiritsa ntchito pa minyewa ndi mafupa. Amakupaka mafuta ozizira aja a sikani, n'kukhazika pachidendene kachipangizo kooneka ngati dirilo. Kakayamba, phokoso lake ngati gogomole pamtengo wouma, ga-ga-ga-ga, maulendo 2,000, mphindi zosakwana khumi. Kumapweteka, musanamizidwe. Tsiku loyamba ndinagwira m'mbali mwa bedi thukuta lili kamukamu, iye akundifunsa kuti pa khumi ululu uli pa chiyani. Ndikati seveni amatsitsako mphamvu. Anandiletsa Brufen masabata onsewo, ati amasokoneza kuchira komwe makinawo akudzutsa. Panado yekha ndiye anandilola.

Ndinapita kanayi, kamodzi pa sabata. Nditamaliza ulendo wachiwiri ndinauza mayi akunyumba kuti ndalama zapita m'madzi, chifukwa panalibe chosintha. Dokotala anali atanena kuti zipatso zake zimaoneka pakatha masabata 6 mpaka 12, koma munthu ukalipira umafuna uone mawa lomwe. Cha m'sabata lachisanu ndi chiwiri ndinadzidzimuka ndili kale kubafa, osakumbuka kuti ndatsika bwanji pabedi.

Tsono za ma insole aja. Kuyeza kwake n'kosangalatsa. Umayenda pa kamphasa kolumikizidwa ku kompyuta, mapazi ako n'kuoneka pa sikirini m'mitundumitundu, pofiira ndi pomwe ukuponda kwambiri. Chidendene changa chakumanja chinali psuu. Kenaka amajambula phazi lonse ndi sikana ya 3D, osati kulimata pulasitala ngati kale, n'kutumiza chithunzicho kwa opanga. Mpaka apa zonse zinali bwino. Koma anandilonjeza masiku khumi, ndinadikira masabata atatu ndi theka, ndipo amene ankaimba foni ndine. Atafika anali ochindikala moti m'jombo zala zinkakhula kuchitsulo. Masiku awiri okha matuza anatuluka. Polandirira alendo anangondipatsira m'pulasitiki, osandiuza kuti kasoli kobwera ndi jombo ndiyambe ndakachotsa, kapena kuti ndiziwavala ola limodzi kapena awiri patsiku n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Izi ndinazimva nditabwerera ndi mkwiyo. Dokotala anapepesa, anawapala pamakina ine ndikuona, osalipiritsa, ndipo tsopano akukwana. Komabe tsiku limenelo ndinajomba kuntchito, ndipo kwa ife kujomba ndi ndalama. Inu mukamapita kokayezetsa, nyamulani nsapato zomwe mumagwirira ntchito, osati za pa Sande ngati mmene ndinachitira ine.

Ndalama zinayenda motere: kuonana ndi dokotala R750, shockwave R650 ulendo uliwonse, ma insole R2,800. Zonse R6,150, popanda medical aid, inshulansi ya zachipatala. Zinali za malata a nyumba ku Balaka, ndinazitapa pa chipereganyu. Ndinamva mochedwa kuti ku University of Johannesburg, kampasi ya Doornfontein, komwe ma podiatrist amaphunzira zaka zinayi, kuli kiliniki yomwe ophunzira amaona anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo pamtengo wotsika. Ndikanadziwa ndikanayambira kumeneko.

Ndikadati ndisankhe chimodzi, ndikanalipira shockwave n'kuyamba ndayesa ma insole a ku famase. Ndipo sindinganene kuti makina okha ndiwo anandichiritsa, chifukwa dokotala yemweyo anandipatsa ntchito yaulere: kukoka zala m'mwamba ndi thaulo ndisanatsike pabedi, kuwongola katumba nditatsamira khoma, ndi kugubuduza phazi pa botolo la madzi oundana madzulo. Masiku amene ndachita ulesi, chidendene chimandikumbutsa. Anatembenuzanso jombo zanga n'kundionetsa kuti zinadyekera mbali imodzi, nati zimenezi zitayidwe. Zinali zitatha zaka zitatu.

Lero ndimatha shifiti yonse osatsimphina. Lachisanu, katundu akachuluka, pamanyerenyetsa pang'ono madzulo, botolo lija n'kugwira ntchito yake. Mwezi wamawa ndikuperekeza mayi akunyumba ku Doornfontein. Ali ndi shuga, ndipo akuti mapazi awo ayamba kuchita dzanzi usiku.