Makina oyezera BP amene tinagula pa Chitakale

Bambo anga aang'ono atagwa m'munda wa chinanazi n'kufa dzanja ndi mwendo wakumanja, adokotala anatiuza kuti mtsempha wa mu ubongo unaphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo atawayeza mkodzo anapezanso kuti impso zinali zitayamba kale kuwonongeka. Izi ndi zimene zinachititsa kuti abale tisonkherane ndalama n'kugula makina oyezera BP pa sitolo ina ya mankhwala pa Chitakale ku Mulanje, ndipo tsopano tawagwiritsa ntchito miyezi isanu.

Makinawa ndi omanga pamkono pamwamba pa chigongono, amayendera mabatire anayi, ndipo manambala ake ndi akuluakulu moti mayi anga amawerenga okha popanda magalasi. Tinapita nawo kuchipatala kukawayerekeza ndi a anamwino, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa. Chimene ndayamikira kwambiri ndi chakuti amasunga zotsatira za masiku apitawo, chifukwa kuyeza kamodzi sikunena zambiri, koma manambala akamabwereza kufika pa 140/90 kapena kupitirira, munthu atakhala pansi phee kwa mphindi zisanu, pamenepo pamafunika kukaonana ndi adokotala ngakhale mutu usakupweteka.

Mayi wogulitsa pa sitoloyo sanathamangire kulandira ndalama. Anandifotokozera kuti timitsempha tosefa magazi mu impso, mitsempha yodyetsa mtima ndi ya mu ubongo zimawonongeka ndi zinthu zofanana, monga BP, shuga, fodya, kunenepa kwambiri ndi mafuta ochuluka m'magazi, ndipo impso zikafooka BP imakweranso. Anatenga kasupuni ka tiyi nati, "Achimwene, mchere wa tsiku lonse usapitirire apa," kutanthauza magalamu 5 amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza. Ndinakumbukira matemba ouma ndi kambale ka mchere kamene sikachoka pamkeka kwathu, ndipo zinandikhudza kwambiri. Anachenjezanso za brufen ndi diclofenac, mankhwala amene anthu othyola tiyi amamwa kawirikawiri msana ukavuta, kuti akamwedwa nthawi yaitali amapweteka impso.

Zofooka za makinawa zilipo. Lamba wake womanga pamkono ndi wamng'ono kwa azakhali anga amene ali ndi thupi, ndipo lamba wothina amaonetsa manambala okwera kuposa enieni. Kabuku ka malangizo ndi ka Chingerezi chokha, komanso mabatire otchipa a pamsika satha nawo milungu itatu.

Ogula adziwenso kuti makinawa sayeza shuga kapena impso. Zimenezo zimafuna kuyezetsa magazi ndi mkodzo kuchipatala, ndipo ife timazitenga mozama podziwa kuti impso zikalephereratu, makina osefa magazi tingakawapeze ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa banja lililonse limene lili ndi wodwala BP kapena shuga kuti ligule, koma liyambe layeza lambayo pamkono wa wodwalayo lisanalipire.