Bunda, Iceland, Makhanda kapena mahotela: wa za nsomba akaphunzire kuti?

Anzanga a kafukufuku wa nsomba sasiya kundifunsa pa WhatsApp: digiri yoyamba tili nayo, zaka zikutha tili pa giredi yomweyo, tilowere kuti? Ndiyankhe kamodzi pano, wina akadzafunsanso ndidzangomulozera.

Ndiyambe ndi kumene simuyenera kuponyako ndalama yanu. Pali makampani amene amatumiza makalata pa imelo kuitanira anthu ku maphunziro a sabata imodzi m'mahotela a kunja, mitu yake yokopa: kuwerengera nsomba za m'nyanja, kusanthula data, kulondoloza mapulojekiti. Ine ina ya kampani zoterezi inandidya, dzina sinditchula. Kalata yawo inali ndi mtengo umodzi wolembedwa mochititsa kaso. Titafika, tinauzidwa kuti mtengowo ndi wa kalasi ndi tiyi basi. Malo ogona n'zathu, galimoto ya ku bwalo la ndege n'zathu. Chimene chinandiwawa kwambiri chinabwera tsiku lomaliza: satifiketi inali ndi mtengo wakewake, wolipira m'madola. Aliyense amene anasakapo dola kuno kwathu, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi wathu anali asanaonepo chilimira. Zitsanzo zake zonse zinali manambala a m'buku, ooneka bwino, opanda mwezi wosowa. Nditamuonetsa mafomu athu a pa doko, momwe usipa unalembedwa m'zitini, utaka m'mabeseni, masiku ena osalembedwa chifukwa kalaliki anapita kumaliro, anangoseka n'kunena kuti zimenezo tidzakambirana pa imelo. Imeloyo ndikuidikirabe. Ngati bungwe lanu likulipirirani zonse, pitani mukaone dziko. Koma za m'thumba mwanu, ayi.

Zimene amaphunzitsa kumeneko zambiri zilipo kwaulere pa FAO elearning Academy, tsamba la maphunziro a pa intaneti la bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, kuphatikizapo za usodzi wa asodzi ang'onoang'ono ndi kasamalidwe ka nsomba koganizira chilengedwe chonse. Mtengo wake ndi bandulo ya intaneti ndi kudziletsa. Sizikukwezetsani pa ntchito, komanso palibe amene angakukonzeni mukalakwitsa.

Tsopano Bunda. Ndivomere kuti ndimakondera, ndi kwathu. Kuyambira pamene LUANAR inapeza likulu la maphunziro ndi kafukufuku wa nsomba lotchedwa AquaFish kudzera m'pulogalamu ya Banki Yaikulu Padziko Lonse ya 2016, Masters ndi PhD za nsomba zinalimba, ndipo m'kalasi mumakhala ndi anzanu ochokera m'maiko ena a mu Africa. Ubwino wake waukulu ngwakuti mumafufuza nsomba zathu zomwe: makumba, chilunguni, chambo, mlamba. Woyang'anira kafukufuku wanu amadziwa kuti mlimi wa damu ku Zomba amadyetsa nsomba madeya chifukwa chakudya cha kufakitale n'chodula, ndipo simutaya mwezi kumufotokozera zimenezo. Matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS atabuka ku Mchinji mu 2020, anthu amene anafunika msanga ndi odziwa madambo ndi madamu athu. Pamwamba pa izo, pepala la Masters ndi limene limawerengedwa pa intavyu yokwezedwa pa ntchito, ndipo banja silikhala kutali. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Koma Bunda ili kumtunda, kutali ndi nyanja, ndipo mphamvu zake zapendekera ku ulimi wa nsomba. Ngati funso lanu ndi loti chambo chatsala chochuluka bwanji kumwera kwa nyanja, muyambiretu kugwirizana ndi a kafukufuku ku Monkey Bay musanalembe n'komwe pulani ya kafukufuku wanu. Funsaninso bwino ngati thandizo limene mwapeza likulipira fizi yokha kapena ndi mafuta a boti omwe, chifukwa ambiri amamaliza za m'kalasi n'kukakamira pamenepo. A kumpoto musaiwale Mzuni, Nkhata Bay ndi pafupi. Ku koleji ya za usodzi ya ku Mpwepwe ndi koyambira, amene muli ndi digiri munadutsapo kale.

Iceland ndi nkhani ina. Pulogalamu yawo ya miyezi 6 yophunzitsa za usodzi, imene inayamba mu 1998 pansi pa yunivesite ya United Nations ndipo kuyambira 2020 imatchedwa GRÓ-FTP pansi pa UNESCO, simumalembera ngati mukufunsira ntchito. Iwo amagwira ndi mabungwe, amafunsa mafunso anthu amene ali kale pa ntchito, n'kusankha. Akakutengani amalipira ulendo ndi zofunika pa moyo wanu kumeneko. Mumayamba ndi maphunziro a onse pamodzi, kenako aliyense amalowa gawo lake: kuwerengera nsomba, malamulo ndi kayendetsedwe ka usodzi, kasamalidwe ka nsomba zikagwidwa, kapena ulimi wa nsomba. Chimene chimaipatula pa zonse n'chakuti mumanyamula data ya kwanu. Mafomu aja a zitini ndi mabeseni mumakhala nawo pansi miyezi ingapo ndi munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyo, mpaka mutaphunzira kuwatsuka ndi kuwasanthula pa R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala. Ubale wa Iceland ndi Mangochi ngwakalekale, ndiye Malawi si dzina lachilendo kwa iwo.

Zovuta zake zilipo ziwiri, kupatula mdima wa Disembala pamene dzuwa limaoneka maola anayi okha. Choyamba, si digiri. Mukabwerako muli ndi luso, koma giredi ikhoza kukhala yomweyo, ngakhale kuti amene anadutsamo amatha kupikisana pa thandizo la Masters kapena PhD ku mayunivesite a komweko. Chachiwiri n'chimene obwerako ena amaiwala. Iceland imayendetsa usodzi wake pogawira sitima iliyonse mlingo woti igwire, nsomba zake ndi mitundu yowerengeka, ndipo iliyonse yofika pa doko imakwera sikelo. Ife tili ndi mitundu mazanamazana m'nyanja imodzi, mabwato zikwizikwi, madoko amchenga osawerengeka. Chambo chitatha ku Malombe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chimene boma linayesa ndi makomiti a m'madoko, osati sikelo. Wopita ku Iceland atengeko masamu ndi mwambo wosunga data. Malamulo awo awasiye komweko.

Rhodes University ku Makhanda, ku South Africa, ndi ya amene mtima wawo uli pa sayansi yeniyeni ya nsomba, kuzindikira mitundu, kuwerenga zaka za nsomba, poti pafupi pomwepo pali SAIAB, bungwe la kafukufuku wa zamoyo za m'madzi losunga zitsanzo za nsomba zochuluka zedi. Ophunzira a m'maiko a SADC salipira fizi yofanana ndi ochokera kutali, koma werengerani inshuwalansi ya chipatala ya ku South Africa komweko imene viza ya sukulu imafuna, ndi kutsimikiziritsa mapepala anu ku SAQA, bungwe la komweko lounika mapepala a maphunziro. Yunivesite ya Stirling ku Scotland ndi yotchuka pa ulimi wa nsomba, koma popanda thandizo ngati la Commonwealth musayambe n'kulota komwe.

Ndiye ndikafunsidwa, yankho langa limadalira chimene chikukusowetsani tulo. Ngati ndi giredi, kalembetseni ku Bunda chaka chino. Ngati ndi mulu wa mafomu amene simudziwa chochita nawo, kambani ndi abwana anu za Iceland, ndipo poyembekezera yambani kuwalowetsa mu kompyuta, chifukwa ofunsa mafunsowo adzafuna kudziwa vuto limene mukupita nalo. Amene angathe zonse ziwiri ayambe ndi Iceland, pulojekiti ya kumenekoyo adzaikulitse kukhala Masters ya ku Bunda.