Fight Night Champion pa PS3: nyenyezi 4 mwa 5, koma za Ali ndi Tyson tikukanganabe

Ndinagula chimbale chogwirapo kale ntchito cha gemu ya nkhonya ya Fight Night Champion pa chifukwa chimodzi basi: kunyumba kwathu nkhani ya Muhammad Ali ndi Mike Tyson imavuta. Amalume amati Ali akanamuvinitsa Tyson mpaka kumulefula. Alamu anga, omwe anakulira m'mavidiyo sho kuonera Tyson akugwetsa anthu raundi yoyamba isanathe, amati amalume amangokonda zakale. Ine ndinkaganiza kuti tikawaika awiriwa mu ringi imodzi, wina atseka pakamwa. Gemuyi ndi yabwino kwambiri ndipo ndalama yanga sinapite pachabe, koma amene akuigula kuti imuweruzire mlandu umenewu adziwiretu kuti sizitheka.

Gemuyi inatuluka mu 2011 pa PS3 ndi Xbox 360, yopangidwa ndi EA Sports. Muli ankhonya oposa 50. A heavyweight, gulu la ankhonya olemera kwambiri, alimo ambiri: Ali, Tyson, Joe Frazier, George Foreman, Sonny Liston, Evander Holyfield, Lennox Lewis, David Haye ndi apachibale aja, Vitali ndi Wladimir Klitschko. M'magulu a opepukirapo muli Sugar Ray Robinson, Sugar Ray Leonard, Marvin Hagler, Thomas Hearns, Roberto Duran, Roy Jones Jr ndi Manny Pacquiao. Zithunzi zake, ngakhale ndi za zaka zambiri zapitazo, sizichititsa manyazi. Thukuta limaoneka likuthothoka pamutu munthu akalandira chibakera, diso limatupa pang'onopang'ono, ndipo bala likatseguka pachikope magazi amadontha mpaka pakabudula.

Zibakera zimaponyedwa ndi kandodo kakumanja ka padi, chogwirira chosewerera gemu. Ukakakankhira kutsogolo chakumanzere ndi jabu (chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo), chakumbali ndi huku (chibakera chokhota chochokera m'mbali), chakumunsi ndi apakati (chibakera chochokera pansi kukwera kuchibwano). Mabatani amagwiranso ntchito kwa amene kandodo kawakanika. Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya mpweya. Ukamangomwaza zibakera mwaphuma, wankhonya wako amatopadi: manja amalemera, chibakera chimafika mochedwa, ndipo mpweya umene wawononga m'maraundi oyamba subwerera wonse ukakhala pakona. Kumenya m'nthiti kumalipira patsogolo. Apa opanga gemu anaimvetsa nkhonya.

Tsono za Ali ndi Tyson. Ali anali wamtali masentimita 191, ndipo akatambasula manja ankafika masentimita 198. Tyson ndi wa masentimita 178, manja 180. Kusiyana kumeneku ukamakumva pakamwa kumaoneka kochepa, koma ukagwira padi umakumva m'zala. Ndikatenga Tyson ndimayenera kudutsa kaye pa jabu, kuwerama, kupendekera uku ndi uku, ndipo ndikalowa mkati ndimakhala ndalandira kale ziwiri zitatu pamphumi. Koma ndikangofika pachifuwa, zinthu zimasintha msanga: huku imodzi yakumanzere, apakati n'kutsatira, Ali miyendo lobodo. Ndikatenga Ali, ntchito ndi kuzungulira, kusalola kutsekeredwa pakona, kubaya jabu n'kuchoka. Maraundi anayi oyamba mtima umakhala m'mwamba. Ukapulumuka pamenepo, Tyson amayamba kupuma wefuwefu, ndipo kuyambira raundi ya 7 ringi imakhala ya Ali.

Izi zikugwirizana ndi zimene anthu ambiri odziwa nkhonya amanena, ndipo amalume atamva anawomba m'manja. Koma chilungamo chake n'chakuti alamu akagwira padi amapambana ndi aliyense amene amutenga. Anandigwetsa ndi Tyson, tinasinthana, anandigwetsanso ndi Ali. Amalume padi saidziwa n'komwe, amangokhala pampando kukuwa kuti "Thawa, mwana iwe, thawa!" Choncho mkangano unangosamuka: kale tinkatsutsana za Ali ndi Tyson, pano tikutsutsana za amene ali ndi zala zofulumira.

Vuto lina lalikulu n'lakuti munthu mmodzi sakhala yemweyo zaka zonse. Ali wake uti? Wa mu November 1966, yemwe anamaliza Cleveland Williams m'maraundi atatu ku Houston, mapazi osagunda pansi? Kapena wa pa 30 October 1974 ku Kinshasa, yemwe anali atataya zaka zoposa zitatu ataletsedwa kumenya chifukwa chokana usilikali, liwiro litachepa, n'kusankha kutsamira zingwe kuti Foreman adzitopetse yekha mpaka kugwa mu raundi ya 8? Awa ndi ankhonya awiri osiyana ovala nkhope imodzi. Tyson nayenso chimodzimodzi. Pali wa zaka 20 yemwe analanda lamba kwa Trevor Berbick mu November 1986, ndi wa mu 1988 yemwe anamaliza Michael Spinks m'masekondi 91. Koma palinso wa ku Tokyo mu February 1990 yemwe anagwetsedwa ndi Buster Douglas mu raundi ya 10, ndi wa ku Memphis mu 2002 yemwe Lewis anamumaliza mu raundi ya 8. Gemu imapatsa aliyense manambala a mphamvu, liwiro, kulimba kwa chibwano ndi mpweya, ndipo manambalawo anawalemba ndi anthu okhala mu ofesi, omwe nawonso ali ndi maganizo awo ngati ife. Ukamati "gemu yanena kuti Ali ndi dolo," ukungobwereza maganizo a munthu wina amene sunamuonepo.

Alamu amakonda kutulutsa umboni wa Berbick ndi Larry Holmes: onsewa anagonjetsa Ali, onsewa Tyson anawagwetsa. N'zoona ndithu. Koma Holmes anamenya Ali mu 1980 ali ndi zaka 38, ndipo Berbick anamumenya mu December 1981 ali ndi zaka 39, thupi la Ali litatha kale. Nayenso Holmes pokumana ndi Tyson mu January 1988 anali ndi zaka 38, atakhala nthawi osamenya. Umboni woterewu uli ngati kuyeza mphamvu za ng'ombe pa tsiku limene yagona ndi matenda.

Zoyesa kuthetsa mkanganowu ndi makina sizinayambe lero. Mu 1969 anthu ena ku America anajambula Ali ndi Rocky Marciano akuyerekeza kumenyana, n'kupatsa kompyuta kuti isankhe mathero, ndipo mu January 1970 owonera kumeneko anaona Marciano akupambana mu raundi ya 13. Marciano mwiniwake sanazione, anali atamwalira pangozi ya ndege mu August 1969. Palibe amene anasiya kukangana chifukwa cha zimenezo.

Ndatchula Marciano, ndiye ndinene pomwe pandikhumudwitsa. Iye, Joe Louis, Jack Dempsey, Jack Johnson ndi Floyd Patterson sali pachimbale. Anatuluka ngati zowonjezera zogula padera pa intaneti. Kwa gemu imene kukoma kwake ndi kukumanitsa mibadwo, kusowa kwa Louis kumamveka. Ndinkafunitsitsa kuona Marciano, yemwe anapuma atapambana nkhonya zonse 49, akulimbana ndi Wladimir Klitschko. Marciano ankalemera pafupifupi makilogalamu 85, kutanthauza kuti lero akanakhala wa cruiserweight, gulu lotsikirapo pa heavyweight, pomwe Klitschko ndi wa masentimita 198 ndipo ankakwera ringi ali cha m'ma 110. Maganizo anga ndi akuti Marciano sakanafika n'komwe pachibwano, koma ndikanakonda kuyesa ndekha. Floyd Mayweather nayenso mulibe, ndipo poti ndi gemu ya 2011 musayembekezere Tyson Fury, Anthony Joshua kapena Oleksandr Usyk. Pali malo opangira wankhonya wako, ndipo ine ndinapanga Isaac Chilemba wathu, yemwe anatha maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Nkhope sinafanane kwenikweni, koma jabu ndinamupatsa yabwino.

Nkhonya zimene zinandikomera kwambiri si za heavyweight ayi. Yesani Robinson ndi Hagler. Matupi ndi ofanana, ndiye palibe wodandaula za kulemera, zimangotsala luso. Hagler amaima chamanzere, ndipo ukamuzungulira molakwika umakumana ndi dzanja lake lakumanzere lolunjika pamphuno. Robinson amaponya zinayi zisanu motsatizana n'kusowa. Koma ngakhale pano mibadwo siyenderana. Robinson anamenya nkhonya pafupifupi 200, ndipo mu February 1943 anakumana ndi Jake LaMotta kawiri m'masabata atatu okha. Nthawi imeneyo nkhonya za lamba zinali za maraundi 15. Anazichepetsa kufika 12 pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim, yemwe anavulala pomenyana ndi Ray Mancini mu November 1982. Sikelo ankakwera tsiku la nkhonya lomwelo, pomwe lero amakwera dzulo lake n'kukhala ndi usiku wonse wobwezera madzi ndi chakudya m'thupi. Munthu wa middleweight (gulu la Robinson ndi Hagler) wa lero polowa mu ringi amakhala wolemera kuposa wa nthawi ya Robinson. Zoterezi gemu siziwerengera.

Ndiponso pali zina zomwe sizilowa m'manambala. Spinks anaoneka ngati wagonja belu lisanalire, chifukwa choopa Tyson. Ali sankaopa munthu wotere. Anali atakumana kale ndi Liston mu 1964, yemwe aliyense ankamuthawa. Ku Manila mu October 1975, pomenyana ndi Ali, Frazier maso atatupa osaona bwino ankafunabe kutuluka raundi ya 15, mpaka mphunzitsi wake Eddie Futch anamuletsa. Mu gemu Frazier amabwera kutsogolo ndi huku yake yakumanzere monga momwe ankachitira, koma mtima umenewo mulibe, chifukwa mtima umakhala wa amene wagwira padi. Ndinayesa njira ya ku Kinshasa pa alamu: Ali pazingwe, manja kumaso, kudikira kuti Foreman atope. Alamu anangobwerera m'mbuyo n'kundifunsa ngati ndagona.

Mbali ya nthano, yomwe umasewera ngati Andre Bishop kuchokera kundende mpaka kukamenyera lamba ndi Isaac Frost, ndi yokoma ndipo siitenga nthawi yaitali. Nkhonya zina amakupatsa chovuta, monga kumenya dzanja limodzi litathyoka kapena kuteteza bala kuti lisakule, ndipo zimenezi zimaphunzitsa kusewera mwanzeru. Chenjezo kwa makolo: muli mawu otukwana ndi magazi, ndi gemu ya akuluakulu, si yosiyira ana Loweruka m'mawa. Owulutsa, Joe Tessitore ndi Teddy Atlas, amakoma poyamba, koma amabwereza mawu omwewo mpaka umayamba kuwatsogolera. Ine ndinawachepetsa mawu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha akatswiri akale osowa pachimbale ndi owulutsa obwerezabwereza aja. Kwa ofuna kugula: chimbale chakale muchiyese pamakina pomwepo musanapereke ndalama. Changa choyamba chinali ndi mikwingwirima ndipo chinkaima pakati pa raundi. Wogulitsa anandisinthira, koma titakokanakokana. Chimbale cha Xbox 360 chimasewerekanso pa Xbox One. Mukhale ndi mapadi awiri abwino, chifukwa kusewera ndi kompyuta kumatopetsa msanga poyerekeza ndi kusewera ndi munthu, ndipo kandodo kakumanja kakakhala kolobodoka mudzaponya huku pomwe mumafuna jabu.