Loya wa ku Limbe amene anatimasulira za chikalata cha amayi

Bambo anamwalira mu 2009 osasiya wilo. Chaka chotsatira amayi anakatenga chikalata ku High Court chowapatsa mphamvu yoyang'anira chuma chamasiye, makamaka nyumba yathu ya ku Chilobwe. Mwezi wathawu abambo aang'ono anatulukira ndi nkhani yoti chikalatacho chinatha ntchito, eti poti lamulo lomwe anachiperekera, Wills and Inheritance Act ya 1967, linafafanizidwa mu 2011. Amayi tulo tinawathawa.

Ndinawatengera kwa loya wina wamayi ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Ndinene zoipa zake kaye: masitepe ndi opapatiza, amayi anakwera movutika ndi mawondo awo, ndipo tinakhala pa benchi maola awiri ngakhale tinapangana nthawi.

Koma titalowa, mtima unakhala pansi. Amayi anamasula chikalatacho m'jumbo momwe amachisunga, loyayo n'kuyang'ana chidindo ndi nambala ya fayilo, osathamanga. Anafunsa kuti, "Amayi, mfumu ikamwalira, malire a minda yomwe inagawa amapita nayo kumanda?" Amayi anati ayi. Apo m'pamene anatsegula General Interpretation Act, lamulo lofotokoza kamasuliridwe ka malamulo, n'kutiwerengera, akumasulira m'Chichewa, kuti lamulo likachotsedwa, zimene zinachitika moyenera pansi pake ndi ufulu umene munthu anaupeza kale sizifa nalo. Ngakhale timalamulo ting'onoting'ono tomwe nduna inakhazikitsa timapitirira mpaka titachotsedwa, bola tisatsutsane ndi lamulo latsopanolo.

Chimene ndinawakondera n'choti sanathere pomwepo. Anati nthawi zina Nyumba ya Malamulo imanena mwachindunji kuti zakale zithe, choncho anawerenganso kumapeto kwa lamulo la 2011 lomwe linalowa m'malo mwa lakalelo, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, kuti atsimikize. Chikalata cha amayi chidakali ndi mphamvu, ndipo woti n'kuchichotsa ndi khoti, osati msonkhano wa pabanja. Anatiuzanso kuti lamulo la 2011 lomwelo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu.

Mtengo anatiuziratu tisanayambe, lisiti anatipatsa. Kalata yopita kwa abambo aang'ono ndiyo inachedwa, inatenga masiku asanu ndi atatu ndipo ndinachita kuimba foni kawiri. Ngati muli ndi mayi wachikulire, pemphani kuti akuonereni m'mawa, anthu asanachuluke pa benchipo. Ife tibwererako mwezi wa mawa kukayamba zosintha dzina pa mapepala a nyumba.